Filimu ya apongozi imene ndinaiba

M'sutikesi yanga yamalata, pansi pa masatifiketi ndi jekete limene ndinavala pa ukwati, muli filimu ya ekisire imene munthu aliyense wodziwa ntchito angaitaye osaiyang'ana kawiri. Ndi yowonongeka. Nthiti zikuoneka ziwiriziwiri, msana wapindika, mapapo angoti mbuu ngati nkhungu ya m'mawa pa Phiri la Dedza. Ndinaijambula ndine. Pa mafilimu onse amene ndinawononga pa ntchito yanga, iyi yokha ndi imene ndinaibisa m'malaya n'kupita nayo kunyumba.

Ndinagwira ntchito yojambula ekisire pa chipatala china chamishoni m'mapiri muno, kuyambira ndili ndi tsitsi lonse mpaka dazi litafika kunkhongo. Chipinda changa chinali kumapeto kwa khonde lalitali, mbali imene dzuwa silinkafikako. Mwezi wa Juni munkazizira moti odwala akavula malaya ankanjenjemera mano kugundana, ndipo kaseti, chibokosi chophwatalala chimene timaikamo filimu, inkakhala ngati khasu logona panja. Pambali panali kachipinda kamdima kotsukiramo mafilimu. Fungo la mankhwala a mmenemo linkandilowa m'zovala, moti mkazi wanga ankati amandimva ndisanafike pakhomo. Lero ndimalilakalaka fungo limenelo, ngakhale nthawi imeneyo ndinkalitukwana.

Mafilimu ankabwera kuchokera ku tauni, galimoto yachipatala ikapezeka ndi mafuta. Ikapanda kupezeka, basi, umagwira ntchito ndi amene atsala. N'chifukwa chake kujambula munthu kawiri chinali chinthu chochititsa manyazi. Filimu imapita pachabe, komanso cheza cha makina chimalowa m'thupi la munthu kawiri pa chinthu chimene chikanatheka kamodzi. Pansi pa tebulo panali katoni imene ndinkaponyamo mafilimu owonongeka, ndipo ndinkaitcha manda. Pa filimu iliyonse ndinkalemba pakona chimene chaipha: wapuma, wagwedezeka, pini, wanjenjemera. Lachisanu masana ndinkakhuthula manda aja patebulo n'kumadzidzudzula ndekha. Ndisabise, ndinali wonyada. Katoni yanga sinkadzaza msanga, ndipo ndinkafuna aliyense adziwe zimenezo.

Kunyada kumeneko kunatha tsiku limene apongozi anga anaima kutsogolo kwa makina.

Ndinakwatira ku Mphunzi. Kwathu nakonso apongozi timawalemekeza, koma kwawo kwa mkazi wanga nkhani yake inali ina. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana, sakhalirana pafupi, sadyera pamodzi, kukhudzana ndiye musakutchule n'komwe. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'chimanga n'kugwada chofulatira mpaka ine nditadutsa. Moni tinkapatsana kudzera mwa mkazi wanga, kapena ine ndili kuseri kwa nkhokwe. Zaka zinayi za ukwati zinatha ndisanawaone nkhope bwinobwino. Ndinkadziwa mawu awo, mpango wawo wobiriwira, ndi zidendene zawo.

Chaka chimenecho mkazi wanga anali woyembekezera mwana wathu woyamba, masiku atayandikira. Apongozi anatsika ku Mphunzi kudzamudikirira. Anakana kugona m'nyumba imodzi ndi ine, choncho tinawakonzera m'khitchini yapanja. M'mawa uliwonse ndikamasamba ndinkamva chifuwa chawo kuseri kwa mpanda, chifuwa chouma, chochokera pansi, chosatha msanga. Ndinali nditamva zifuwa zambiri pakhonde lija, ndipo ichi sindinachikonde.

Makhololo anayezedwa kawiri, osapezeka kanthu. Adokotala anandiitana n'kundiuza mosapita m'mbali kuti akufuna chithunzi cha m'chifuwa. Ngati chili chifuwa chachikulu, anatero, mayiwa ayambe mankhwala mwana asanabadwe, ndipo asamunyamule mpaka mankhwala atagwira. Popanda chithunzi sakanawayambitsa mankhwala a miyezi yambiri mongoganizira. Apongozi atamva, anayankha kudzera mwa mwana wawo kuti aima pa makinawo lero lokha. Likadutsa lero, akubwerera kumudzi, mbatata yawo ya kachewere ikuwola kudimba, ndipo sanabwere kudzasautsa akamwini ndi chifuwa cha ukalamba. Mkazi wanga anandiyang'ana. Ankawadziwa amayi ake kuti akanena atero.

M'bokosi munali mutatsala mafilimu aakulu atatu, oyenera chifuwa cha munthu wamkulu. Galimoto ya ku tauni inali pamiyala, matayala atachotsedwa. Ndinaona kuti atatu ndi ambiri, poti ine ndimajambula kamodzi.

Mkazi wanga sakanalowa m'chipinda cha makina ndi mimba ija, anatsala pabenchi panja. Apongozi analowa chammbali, atafunda bulangete mpaka kumutu. Ine maso anali kudenga. Ndinaloza ndi mkono wonse kumene kunali kaseti, iwo anapita n'kuima chapafupi. Wodwala wina aliyense ndikanamugwira mapewa, kumukweza chibwano, kumukankhira pa kaseti mpaka chifuwa chigunde. Apa ndinangothawira kuseri kwa khoma lotchinga cheza ngati ndaba nkhuku.

Mawu a ntchito yathu ndi atatu, ndipo ndinali nditawanena kosawerengeka: kokani mpweya, gwirani, musapume. Koma apongozi ungawalamule choncho ngati mwana wasukulu? Pakamwa panga panatuluka zina.

"Pepanitu amayi, ngati n'kotheka, mungakokeko mpweya pang'ono, kenako mukhale ngati mwaugwira."

Chala changa chinali kale pa batani, chozolowera kudina mawu achitatu akangotha. Apongozi atamva mawu a mkamwini, anachita zimene anachita moyo wawo wonse. Anapinda mawondo, anaweramitsa mutu kumbali, anaomba m'manja pang'onopang'ono.

"Zikomo bambo, tamva."

Makina analira iwo ali pakati pa zikomoyo.

M'kachipinda kamdima ndinaona chithunzi chikutuluka m'mankhwala, ndipo ndinadziluma mlomo. Ndinatenga pensulo kuti ndilembe pakona monga mwa nthawi zonse, koma ndinasowa cholemba. Wagwedezeka? Anagwedezeka chifukwa cha ine. Ndinaiponya m'manda yosalemba.

Ndinatuluka n'kuuza mkazi wanga kuti awauze asayankhe, asawerame, angoima. Iye anaima pakhomo n'kufuula zimenezo, khonde lonse likumva. Nthawi yachiwiri ndinanena mawu anga mwachidule, ndipo apongozi anaima chilili ngati mtengo wa paini. Ndinalowa mumdima mtima uli m'malo. Filimu inatuluka yowonongekanso. Mapini awiri a bulauzi anali ngwee pakati pa chifuwa. Kiyi wa nyumba yawo anali lende pachingwe. Kumtunda kwa phapo lakumanja, penipeni pamene chifuwa chachikulu chimakonda kubisala, panali kachitini ka fodya wawo wam'mphuno, kamene ankasunga m'kati mwa zovala. Mafupa a mapewa anali ataphimba mbali zonse ziwiri, poti palibe anawatembenuzira kutsogolo.

Zonsezi ndinkazidziwa. Mayi wina aliyense ndikanamufunsa asanaime kuti muli ndi pini, mkanda wam'khosi, korona, kiyi? Ndikanamupatsa gauni yachipatala kuti akasinthe. Koma ndiyambire pati kufunsa apongozi zimene zili m'kati mwa bulauzi? Manyazi anga anadya mafilimu awiri, ndipo mayi wodwala anamwa cheza kawiri popanda phindu. Ndinakhala pampando ndi bokosi pamiyendo, m'kati muli filimu imodzi. Ndinachita mantha, mantha enieni. Ndinaona apongozi akukwera phiri kubwerera ku Mphunzi ndi chifuwa chawo, ndipo ndinadziwa kuti akakafera kumeneko, wowapha ndikhala ine ndi ulemu wanga.

Pakhonde lathu pankakolopa mayi wina wa ku Mayani, wamkulu kwa ine ndi zaka zambiri, wamfupi, wapakamwa pakuthwa. Anamwino ankamuopa kuposa mmene ankaopera adokotala. Tsiku lonse anali akukolopa malo amodzimodzi pafupi ndi chitseko changa, ndipo simenti ya pamenepo inali isanayerepo choncho. Anakankha chitseko ndi ndowa.

"Mwawononga angati, adokotala a mafupa?"

"Awiri."

"Yatsala?"

"Imodzi."

Anaika mopu pakhoma n'kupukuta manja pachitenje. "Vuto lanu inu mukufuna kukhala mkamwini ndi wachipatala nthawi imodzi. Mukuchita zonse mwatheka. Ndikanati sankhani chimodzi, koma mmene ndikukuonerani mungasankhe cholakwika. Ndiphunzitseni ine."

Ndinakwiya, ndivomere. Ndinapita kusukulu zaka zitatu kuti ndiphunzire zimenezi, ndiye wokolopa aziphunzire pa mphindi khumi? Ndinayamba kumufotokozera za malamulo. Anandidula.

"Malamulo anuwo ajambula chitini cha fodya. Imani apo."

Ndinaima pa kaseti ngati wodwala, ine mwini chipinda. Ndinamuonetsa pamene chibwano chimakhala, mmene manja amagwirira m'chiuno chakumbuyo, mmene zigongono zimapitira kutsogolo kuti mafupa a mapewa achoke pa mapapo. Anandikankha pamsana ndi dzanja lonunkha sopo mpaka chifuwa changa chinagunda chitsulo. Ndinadumpha ndi kuzizira.

"Mwaona? Inu mnyamata wathanzi mwadumpha. Nanga nkhalamba yodwala?"

Anapita kukhitchini yachipatala n'kubwera ndi mbaula. Anaiika pakati pa chipinda mpaka mpweya unafunda, kenako anaitulutsa kuti utsi usawatsokomoletse. Anawamba pilokesi yoyera pamoto n'kuivindikira pa kaseti. Atatero anandiuza kuti ndichotse filimu, ndimusiyire kaseti yopanda kanthu, ndipo ndituluke.

Ndinakhala pansi pa mtengo panja ndi mkazi wanga. Kudzera pazenera tinkamva mawu a mayi uja: kokani, gwirani, tulutsani, tiyeni kachiwiri. Anabwereza kasanu kapena kasanu ndi kamodzi. Pakati pake tinamva kuseka, anthu awiri. Ndinafunsa mkazi wanga kuti winayo ndani. Anati ndi amayi. Ndinali ndisanawamvepo akuseka.

Mayi uja anatuluka ndi mbale m'manja, muli mapini, kiyi ndi kachitini, n'kupatsa mkazi wanga. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Vulani nsapato. Mukalowa, pakamwa potseka. Ndawauza kuti mulipo, ine sindinama. Koma ndawauza kuti lero akamwini ndi osalankhula, ndipo munthu wosalankhula sayankhidwa. Akondwanso kumva kuti makinawa amafuna munthu afulatire. Akuti makinawo ali ndi mwambo kuposa mwini wake."

Ndinalowa ndi masokosi, simenti ikundiluma mapazi. Mayi uja anatenga kaseti yokhala ndi filimu yomaliza m'manja mwanga n'kukaiika yekha. Ine ndinaima kuseri kwa khoma, ndipo pa kagalasi koonera ndinachita chimene ndinali ndisanachitepo, ndinawayang'ana apongozi anga. Sindikanachitira mwina, wojambula ayenera kuona chimene akujambula. Anali atavala gauni yachipatala, yaikulu kwambiri kwa iwo, mpango wobiriwira uli kumutu. Mafupa a msana ankawerengeka kudzera pa nsalu. Bulangete lija linkabisa zambiri. Mayi amene ankasenza thumba la kachewere kuchokera kudimba anali atatha chonchi, ife tikupatsana moni kuseri kwa nkhokwe.

Phewa lakumanzere linali litakwera pang'ono. Ndinakodola mayi uja n'kugwira phewa langa. Anamva, anapita kukalitsitsa, anawanong'oneza kanthu, n'kubwera kudzaima pambali panga kuseri kwa khoma.

"Tiyeni anzanga, monga muja. Kokani. Kokaninso. Gwirani pomwepo."

Ndinaona nthiti zikufutukuka pansi pa gauni, zikuima. Ndinadikira kamphindi kakang'ono, kuti nditsimikize kuti palibe zikomo akubwera. Ndinadina.

Sindinatsukepo filimu mosamala ngati imeneyo. Itatuluka ndinaikweza ku getsi ikudontha madzi. Inali yoyera bwino, nthiti iliyonse payokha, mapewa atapatuka, mapapo atatseguka mpaka pansi. Kumtunda kwa phapo lakumanja, pamalo pomwe panali kachitini kaja, panali bowo lozungulira ngati dzira la njiwa. Ndinasangalala ndi kukongola kwa filimuyo, kenako ndinachita manyazi ndi kusangalalako. Ndinathamanga nayo kwa adokotala ndili ndi masokosi.

Apongozi anayamba mankhwala tsiku lomwelo. Kachewere anakumba ndi ena. Mwana anabadwa wamkazi, ndipo masabata oyamba apongozi ankamuonera patali, atakhala pamphasa kutsidya kwa bwalo, manja ali pamiyendo. Tsiku limene adokotala analola kuti amunyamule ine ndinali kuntchito, ndipo zinakhala bwino choncho, poti ndikanakhalapo akanabisa nkhope. Mkazi wanga anati anamunyamula kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osalola ngakhale mayi wake kumutenga kupatula poyamwa.

Atachira, kutatsala tsiku limodzi kuti abwerere ku Mphunzi, ndinali kuseri kwa mpanda ndikupukuta njinga. Ndinamva mapazi akuima mbali inayo. Apongozi analankhula okha, osatuma munthu.

"Akuti munaona nthiti zanga."

"Inde amayi."

"Zilipo zonse?"

"Zonse zilipo."

"Chabwino."

Mapazi anachoka. Pa zaka zonse zimene tinadziwana, kucheza kwathu kotalika kunali kumeneko.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga inasintha. Munthu aliyense ankayamba wayeserera pa kaseti yopanda kanthu, mpaka ndione kuti wamva. Pakhomo panakhala mbale yoikamo mapini, makorona, zithumwa ndi makiyi, ndipo palibe ankafunsidwa kuti ichi n'chachiyani. Miyezi yozizira mbaula inkayamba kulowa odwala asanalowe. Ndinazindikiranso kuti apongozi sanali okha. Nkhalamba zambiri za m'midzi muno sizingamve wachipatala akulankhula osayankha kuti zikomo, ndipo mafilimu ambiri amene ndinkalemba kuti wapuma anali a anthu aulemu. Ndinayamba kuwauza tisanayambe kuti mawu omaliza musandiyankhe, mundiyankhe makina akalira. Amayi achikulire onse ankawaimika ndi mayi wa ku Mayani uja. Ankasiya mopu, kuwaimika, kubwerera ku mopu, ndipo dzina lake silinalembedwe paliponse. Manda anga ankatha miyezi osadzaza. Akuluakulu atabwera kudzayendera anandiyamikira ine, iye ali pakhomo ndi ndowa, akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Ndisanapume pa ntchito kunabwera makina atsopano a kompyuta. Kachipinda kamdima anakasandutsa mosungira mabulangete. Chithunzi chimatuluka pagalasi nthawi yomweyo, chikaipa umangochifufuta n'kujambula china. Ndi makina abwino, sindikutsutsa, ndipo palibenso amene amabwezedwa chifukwa mafilimu atha. Koma achinyamata amene ndinawasiyira ntchito ankandipsetsa mtima. Chala chawo n'chopepuka. Amayamba adina, kenako n'kumaona ngati munthu anaima bwino. Ndinkawauza kuti mwafufuta pagalasi, nanga m'thupi mwa mayiyo mwafufutamo? Ndinawakakamiza kuti Lachisanu lililonse azitsegula zofufutidwa zonse n'kunena chimene chinapha chilichonse. Ankanditcha mdala wa manda ndikatembenuka. Ndikumva kuti mbale ija ikadali pakhomo, ndipo zimenezo zimandikwanira.

Apongozi anakhala ndi moyo mpaka kamtsikana kaja kanakula, kukwatiwa, n'kuwaikira chidzukulutudzi pamiyendo. Anamwalira chaka chatha, mwezi wozizira, ndi ukalamba basi. Pokonza maliro adzukulu anafuna chithunzi choti aike pamwamba pa bokosi, monga achitira masiku ano. Anafufuza m'mafoni onse, m'nyumba zonse za ku Mphunzi. Sichinapezeke. Moyo wawo wonse akaona kamera ankaphimba nkhope ndi mpango, ndipo kachithunzi ka pa chiphaso chawo kanali katafufutika ndi chinyezi. Filimu yabwino ija inapita ku faelo yachipatala, ndipo mafaelo akale anawotchedwa kalekale.

Titabwerako ku maliro ndinatsegula sutikesi n'kuitana mwana wanga. Ndinamuuza kuti chithunzi cha agogo ake chilipo chimodzi. Anaikweza filimuyo pazenera, anaitembenuza uku ndi uku.

"Ababa, apa palibe chikuoneka. Yawonongeka iyi."

Ndinamugwira chala n'kuchiyendetsa pa msana wopindika uja, kuchokera m'chiuno kukafika pakhosi pamene mutu unapendekera kumbali. Ndinamuonetsa mithunzi iwiri ya manja itakumana kutsogolo. Ndinamuuza kuti apa agogo ako akudwala, akuzizidwa, ali m'chipinda chimene akuchiopa, iwe uli m'mimba panja pabenchi, ndipo amva mawu anga.

"Ndiye akutani?"

"Akundipatsa ulemu."

Anaikwezanso pazenera. Kenako anafunsa ngati angapite nayo kwawo. Ndinamuuza kuti adzatenga ine ndikadzapita, ndipo ndinaibwezera pansi pa jekete.